Kodi makompyuta a m'ndege angakhale "otseguka"?

FUNSO: Ndine wophunzira pa Yunivesite ya Mzuzu ndipo ndimakhala ku Luwinga. Ndikukonza nkhani ya pa wailesi yonena za makompyuta oyendetsa ndege. Mawu akuti open architecture ndawamasulira kuti "kapangidwe kotseguka", koma mnzanga akuti sizikumveka. Akulondola ndani?

YANKHO: Mnzanuyo ali ndi khutu labwino. Pa galamala simunalakwitse, chifukwa kapangidwe amatengadi ko-, osati yo- monga ena amalembera. Vuto lili pa tanthauzo. Kwathu kuno chimatseguka ndi chitseko, botolo, mwinanso m'mimba. Mayi wa ku Chibavi akamva kuti kompyuta ya ndege ndi yotseguka, aganiza kuti yasiyidwa poyera ndipo aliyense angaigwiregwire. Ndani angakwere ndege yotero?

Akatswiri amanena zina. Kale ntchito iliyonse ya m'ndege, kaya kuyeza mafuta, kaya kuwongolera mabuleki, inkakhala ndi kabokosi kake, mawaya ake ndi pulogalamu yomwe ankaidziwa ndi eni kampani okha. Ndege inkalemera nazo, ndipo kusintha chipangizo chimodzi kunkafuna kubwerera kwa wopanga yemweyo. Boeing 777, yomwe idayamba kunyamula anthu mu 1995, idasonkhanitsa ntchito zingapo m'makompyuta ochepa, ndipo Airbus A380 ya mu 2007 idapita nazo patali. Koma mapulogalamu a makampani osiyana angakhale bwanji m'kompyuta imodzi osapondana zala? Apa pali muyezo wotchedwa ARINC 653. Pulogalamu iliyonse imapatsidwa nthawi yake yogwira ntchito ndi malo akeake osungira zinthu, kotero kuti imodzi ikasokonekera siigwetsa zinzake. Malamulo a muyezowu adalembedwa, ndipo kampani iliyonse ingathe kuwapeza n'kupanga pulogalamu yogwirizana ndi muyezowo.

Choncho nenani kuti "makompyuta opangidwa pa muyezo umodzi wodziwika kwa onse". Mawuwa ndi aatali, inde, koma pa wailesi womvera sangabwerere m'mbuyo kuti awerengenso. Mukatchula kamodzi, kutsogoloko mungamangoti "a muyezo umodzi".

M'kalata yanu ndaonanso kuti mwalemba "makompyuta obisika m'ndege". Sanabisale, ndipo sakuthawa munthu. Adamangidwira m'kati mwa chipangizo kuti azigwira ntchito ya chipangizocho basi, ndiye "omangidwira m'kati" akukwana. Ndipo musaiwale kachizindikiro aka (') m'mawu akuti "m'ndege", popeza pagwa u wa mu.