Tifunseni: Mario Andretti ndi magalimoto a matayala apanja

Makalata a mwezi uno achokera ku Mzuzu, ndipo onse akukhudza mpikisano wa magalimoto a liwiro aja a mpando umodzi. Tawayankha potsatira ntchito ya dalaivala mmodzi wa ku America, Mario Andretti, chifukwa pafupifupi zonse zimene mwafunsazi iye anadutsamo.

FUNSO: A Mkonzi, ndimaonera Formula One pa kanema nthawi zonse, koma sindinaonepo munthu wa ku America akupambana. Kodi dziko la magalimoto ngati lija lilibe madalaivala? Ndine mnyamata wa ku Chibavi.

YANKHO: Alipo achimwene, kungoti ambiri amathera kwawo komweko mu mpikisano wa IndyCar. Magalimoto ake ndi a mtundu womwewo: mpando umodzi pakati, injini kumbuyo kwa dalaivala, matayala onse anayi ali panja osaphimbidwa ndi bodi. Amene anatengapo ukatswiri wa dziko lonse wa Formula One ndi awiri okha, Phil Hill mu 1961 ndi Mario Andretti mu 1978. Chipambanireni Andretti ku Zandvoort, m'dziko la Netherlands, chaka chomwecho cha 1978, palibenso wa ku America amene wapambana mpikisano wa Formula One.

Andretti anabadwa pa 28 Febuluwale 1940 ku Montona, tauni yomwe nthawiyo inali ya Italy koma lero ili ku Croatia. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha banja lake linakhala zaka zingapo pa msasa wa othawa kwawo ku Lucca, ndipo mu 1955 linasamukira ku Nazareth, m'chigawo cha Pennsylvania. Iye ndi Aldo, yemwe anabadwa naye mapasa, anakonza okha galimoto yakale ya Hudson ya 1948 n'kuyamba kupikisana pa bwalo la dothi mu 1959, bambo awo osadziwa. Anakhala nzika ya America mu 1964. Chaka chotsatira anamaliza pa nambala 3 mu Indianapolis 500 (mpikisano wotchuka wa mamailosi 500) yake yoyamba n'kutenganso ukatswiri wa dziko lake ali ndi zaka 25. Anautenganso mu 1966, 1969 ndi 1984. Pakati pa zimenezi anapambana Daytona 500 mu 1967, womwe ndi mpikisano wa magalimoto olemera a bodi yonse, komanso anapambana koyamba mu Formula One kuno ku Africa, pa bwalo la Kyalami pafupi ndi Johannesburg, mu 1971, akuyendetsa Ferrari. Munthu mmodzi kupambana Indianapolis 500, Daytona 500 ndi ukatswiri wa Formula One, mpaka lero ndi iye yekha.

FUNSO: Ndine makaniko ku Luwinga. Ndinamva kuti magalimoto a ku Indianapolis amawaika dala matayala osiyana kukula kumbuyo. Ife kuno timaletsa makasitomala kuchita zimenezo chifukwa zimapha difu. Iwo amazitha bwanji?

YANKHO: Munamva zoona bambo, ndipo pitirizani kuwaletsa makasitomala anuwo. Kusiyana kwagona pa bwalo. La Indianapolis ndi lozungulira, lotalika makilomita 4, ndipo makona ake anayi onse amakhotera kumanzere. Magalimoto 33 amanyamuka m'mizere 11 ya atatu atatu n'kuzungulira ka 200, pamodzi makilomita pafupifupi 805, mtunda woposa kuchoka ku Mzuzu kukafika ku Lilongwe n'kubwerako. Pa mtunda wonsewo galimoto imakhota ka 800, kosapita kumanja ngakhale kamodzi.

Pa mabwalo oterewa difu ija imene mukuidziwa sagwiritsa ntchito. Matayala awiri akumbuyo amawamangirira pamodzi kuti azizungulira mofanana nthawi zonse. Tsono pa kona tayala lakunja, lomwe ndi lakumanja, lili ndi mtunda wautali woti liyende kuposa lamkati. Onse akakhala ofanana, galimoto imakana kukhota, imangofuna kupita kutsogolo komwe kuli khoma. N'chifukwa chake lakumanja amaika lokulirapo pang'ono. Gonekani ndowa pansi muikankhe, muona kuti siyenda molunjika, imakhotera mbali yopapatiza. Nzeru yake ndi yomweyo, ndipo pa mpikisano amaitcha stagger.

Poyeza sadalira nambala yolembedwa pa tayala. Amalipopa kufika pa mpweya umene ligwirire ntchito, n'kulizunguliza tepi pakati penipeni, kenaka n'kusankha awiri amene kusiyana kwawo kukugwirizana ndi bwalolo. Kusiyanako kukachepa, kutsogolo kwa galimoto kumatsetsereka, tayala lakutsogolo lakumanja limatentha n'kutha msanga. Kukachuluka, kumbuyo ndiko kumathawa, ndipo pa liwiro loposa makilomita 300 pa ola palibe mpata wobweza galimoto ikayamba kutembenuka. Vuto lina n'lakuti tayala likatentha mpweya umakwera ndipo limakula, choncho zimene munayeza m'galaja zimasintha mpikisano uli mkati. Pofuna kuchepetsa zimenezi amapopa ndi nitrogen youma, yopanda chinyezi. Galimoto ikangoima amabaya tayala lililonse ndi choyezera kutentha malo atatu, mkati, pakati ndi kunja. Pakati pakatentha kwambiri ndiye kuti mpweya wachuluka, ndipo mbali imodzi ikapsa ndiye kuti tayalalo lapendekeka mopitirira.

Palinso kusuntha kulemera. Akamanga kapena kumasula sipuling'i ya ngodya imodzi, kulemera kumasamukira ku tayala loyang'anizana nalo mopingasa. Andretti anaphunzira zonsezi pa mabwalo a dothi, pomwe nthaka imasintha mpikisano usanathe, ndipo anazitengera ku Lotus, timu yake ya Formula One. Ku Europe makona amapita mbali zonse, komabe iye ankaona mbali imene ili ndi makona ambiri ofunika n'kukonzera galimoto mbali imeneyo. Ife timaona kuti ukatswiri wake weniweni unali pamenepa. Olimba mtima analipo ambiri, koma odziwa kuuza makaniko chimene galimoto ikuchita, pa kona iti ndiponso tayala liti, anali ochepa.

FUNSO: Ndimaphunzitsa sayansi pa sekondale ina kuno ku Katoto. Amati Lotus ya 1978 inkamatirira pansi. Ndifotokozereni bwino kuti ndikawauze ana.

YANKHO: Aphunzitsi, yambani ndi phiko la ndege. Limapangidwa moti mpweya uzilikweza m'mwamba. Mukalitembenuza chadodolido limakanikiza pansi. Magalimoto a mpikisano anali kale ndi mapiko otere kutsogolo ndi kumbuyo, koma phiko lapamtunda limakoka galimoto m'mbuyo pa msewu wowongoka. Chimene Colin Chapman, mwini Lotus, ndi akatswiri ake monga Peter Wright anachita ndi kuumba kunsi kwa mbali ziwiri za galimoto ngati mapiko otembenuzawo. Mpweya umalowa kutsogolo, umadutsa pamalo opanikizika pakati pa galimoto ndi msewu pomwe umathamanga kwambiri, kenaka njira yake imakula kumbuyo. Pamene mpweya ukuthamanga mphamvu yake yokankha imatsika, ndiye mpweya wapamwamba umakanikiza galimoto pansi. Matayala amagwira msewu mwamphamvu galimoto isanawonjezeredwe kulemera kulikonse.

Kuti zimenezi zitheke, mpweya wakunja usamalowerere m'mbali. Anaikamo timatabwa totsetsereka m'mwamba ndi pansi, tokankhidwa ndi masipuling'i, tokhudza msewu nthawi zonse. Ngozi inali pomwepo. Kamodzi kakangokanirira m'mwamba kapena kuthyoka pokwera m'mphepete mwa msewu, mphamvu ija imatha mwadzidzidzi dalaivala ali pakati pa kona. Galimoto inkafunikanso masipuling'i olimba zedi kuti mpata wa pansi usamasinthesinthe, zomwe zinkavutitsa msana wa woyendetsa.

Lotus 78 ya 1977 ndiyo inayamba. Andretti anapambana kanayi chaka chimenecho, kuposa Niki Lauda yemwe anatenga ukatswiri, koma injini zinkamufera kawirikawiri ndipo anathera pa nambala 3. Mu 1978 anayamba ndi kupambana ku Argentina pa galimoto yakaleyo, kenaka Lotus 79 itafika anapambana ku Belgium, Spain, France, Germany ndi Netherlands, n'kumaliza ndi mapointi 64. Injini inali Ford Cosworth DFV ya malita 3 ndi masilinda 8, yomwe matimu ena ambiri analinso nayo, choncho kusiyana kunali pa mpweya ndi kakonzedwe. Chilema chake chinali mabuleki akumbuyo omwe ankatentha. Mu 1979 matimu a Ligier ndi Williams anatengera nzeruyi pa magalimoto olimba kuposa a Lotus, ndipo Andretti sanapambanenso. Pofika 1983 malamulo analamula kuti kunsi kwa galimoto kukhale kwafulati.

Ana muwauzenso za chisoni chimene chinabwera ndi ukatswiriwu. Andretti anatsimikizika kukhala katswiri ku Monza, pa mpikisano umene mnzake wa timu imodzi, Ronnie Peterson wa ku Sweden, anachita ngozi atangonyamuka. Anathyoka miyendo ndipo anamwalira m'chipatala tsiku lotsatira.

FUNSO: Amuna anga amati banja la Andretti lili ndi tsoka ku Indianapolis, mwina analodzedwa. Zoona? Ndine mayi wa ku Chibanja.

YANKHO: Mawu oti tsoka ngakhale ku America amawanena mayi, chifukwa Mario anapikisana kumeneko ka 29 n'kupambana kamodzi kokha, ndipo mwana wake Michael ndi mdzukulu wake Marco sanapambaneko akuyendetsa. Koma chaka chilichonse chili ndi chifukwa chake chooneka ndi maso.

Ngakhale kupambana kwa 1969 kunabwera movutikira. Poyeserera, chitsulo chogwira tayala lakumbuyo la Lotus yake chinathyoka, galimoto inawomba khoma n'kuyaka, iye n'kupsa kumaso. Pa chithunzi cha madalaivala a mzere woyamba anaimapo ndi Aldo. Analowa galimoto yosungira ya Brawner Hawk, n'kupambana pa avereji ya makilomita pafupifupi 252 pa ola, yomwe inali mbiri yatsopano.

Mu 1981 anamaliza wachiwiri, koma m'mawa mwake anamupatsa chipambano chifukwa Bobby Unser, yemwe anamaliza woyamba, anapitirira magalimoto ena mbendera yachikasu, yoletsa kupitirirana, ili m'mwamba. Unser anachita apilo, ndipo mu Okutobala anamubwezera chipambano chake n'kungomulipiritsa madola 40,000. Mu 1982 anawombana ndi galimoto ya Kevin Cogan mpikisano usanayambe n'komwe. Mu 1985 Danny Sullivan anatembenuka ndi galimoto patsogolo pake penipeni osagunda kanthu, n'kudzamupitiriranso.

Chowawa kwambiri ndi cha 1987. Anatsogola maulendo 170 mwa 200, ali patali ndi anzake, ndiye anachepetsa moto kuti asunge injini ya Chevrolet. Kuchepetsako kunaika injini pa liwiro limene masipuling'i a mavalavu amanjenjemera kwambiri, imodzi inathyoka, ndipo Al Unser anapambana. Chitsulo chilichonse chili ndi liwiro limene chimanjenjemerapo moopsa, ndipo nthawi zina liwirolo limakhala pansi pa malire a injini, osati pamwamba. Munthu yemweyu anapambana mipikisano 52 ya magalimoto a Indy, womaliza ku Phoenix mu 1993 ali ndi zaka 53, n'kupuma kumapeto kwa 1994.

FUNSO: Mwana wanga wa zaka 12 akuti akufuna kudzakhala dalaivala wa mpikisano. Ayambire pati? Ndine bambo wa ku Mchengautuwa.

YANKHO: Tinene mosabisa bambo, njira yake ndi yodula kwambiri ndipo imayamba mwana ali wamng'ono. Masiku ano pafupifupi onse amayambira pa timagalimoto ta kart, ambiri asanakwane zaka 10. Mabwalo odziwika a kuno kummwera kwa Africa ali ku South Africa, monga Zwartkops kufupi ndi Pretoria ndi Killarney ku Cape Town. Ku America, akachoka pa kart amakwera masitepe a USF2000, USF Pro 2000, Indy NXT, kenaka IndyCar, ndipo katswiri wa sitepe iliyonse amalandira thandizo la ndalama lopitira yotsatira. Ku Formula One pamafunika laisensi yapadera ya FIA, bungwe loyang'anira mpikisanowu, yomwe imafuna mapointi 40 osonkhanitsidwa m'mipikisano yovomerezeka. Colton Herta, wa ku America, anali atapambana kale kangapo mu IndyCar koma mu 2022 analephera kulowa chifukwa mapointi sanakwane.

Chimene mungathe lero ndi kumulimbikitsa pa masamu ndi fizikisi, ndi kumulola kukhala pa galaja yodalirika nthawi ya holide. Aphunzire kuyeza mpweya wa matayala, kuwerenga m'mene tayala lathera, kuchotsa mpweya m'mabuleki, kumanga mabawuti pa mlingo wake, ndi kulemba m'kope chilichonse chimene wasintha ndi zotsatira zake, chinthu chimodzi pa nthawi. Akamaliza Fomu 4, maphunziro a umakaniko monga a pa Mzuzu Technical College kapena a uinjiniya ku yunivesite amatsekula khomo lina, poti pa dalaivala mmodzi aliyense timu imalemba amakaniko ndi mainjiniya ambirimbiri.

Chimodzi mumuletse kwamtuwagalu: kuyesera liwiro pa M1, kaya potsika Chiweta kaya mu nkhungu ya ku Chikangawa. Dalaivala wa mpikisano amavala chisoti cholimba, chogwirira khosi, zovala zosagwira moto msanga ndi malamba omanga malo asanu ndi limodzi, magalimoto onse amalowera mbali imodzi, ndipo ozimitsa moto ndi madokotala amakhala ali chire m'mbali mwa bwalo. Pa msewu wathu pali akabaza, ana a sukulu ndi mathiraki a matabwa obwera kutsogolo.