Za ana pa basi ndi sitima ku London

Alamu, mwaswera bwanji? Pepani ndachedwa kuyankha. Uthenga wanu ndinauona ndili pamsika ndikugula utaka, phokoso lake silinali loti munthu n'kujambula mawu. Pano ndafika, ndakhala pakhonde chifukwa m'nyumbamu simukukhalika ndi kutentha. Ndingolankhula basi, kulemba kundichedwetsa.

Mwafunsa kuti mukafika ku London kwa achimwene, ana atatuwo muzikawalipirira ngati akuluakulu pa basi ndi sitima, kapena amachotsako. Amachotsa ndithu, ndipo awiri ang'onowo simukawalipirira n'komwe. Koma mumvetsetse, chifukwa kumeneko zimayenda mosiyana ndi kwathu kuno. Ife tikakwera minibasi ya ku Liwonde kapena ku Monkey Bay, wamng'ono timangomuika pamiyendo, wokulirapoyo timanenerera ndi kondakitala, iye akuti uyu ndi wamkulu alipire, ife tikuti ndi mwana uyu wangotalika msinkhu. Kumeneko kulibe kondakitala woti mukambirane naye. Amakudulani ndalama ndi makina, ndipo makinawo sadziwa kuti wagwira khadi ndi mwana pokhapokha wina atawauza.

Ndiyambe ndi ang'onowo. Mzime wanu wa zaka 4 ndi mnyamata wa zaka 9, onse sanafike 11. Ana osafika zaka 11 amakwera basi ulere, safunika khadi ayi, amangolowa. Pa sitima yapansi panthaka, imene eni ake amati Tube, nawonso ndi ulere bola ali ndi wamkulu amene walipira, ndipo wamkulu mmodzi amaloledwa kudutsa ndi ana mpaka anayi. Chimene mukasamale ndi geti. Mageti ambiri ndi opanikiza, odutsa munthu mmodzi, amatseka msanga. Mukayang'ane geti lotambalala, limakhala cha kumapeto, lodutsira anthu a zikwama zazikulu ndi a njinga za olumala. Inu mugunditse khadi lanu, ana akhale patsogolo panu, mudutsire limodzi. Wamng'onoyo mumugwire dzanja, chonde, anthu amayenda mothamanga kumeneko.

Mnyamata uja watalika ngati atate ake, wina akhoza kumuyesa wa zaka 12. Mujambule tsamba la pasipoti yake mufoni, wantchito akafunsa mungomuonetsa.

Tsopano nkhani yeniyeni ili pa wachisamba wanu, msungwana wa zaka 13. Apa ndi pamene ine ndinataya ndalama nditapita mu 2024 ndi mwana wanga, nthawi imeneyo ali ndi zaka 12. Tinagula makhadi awiri aja a buluu otchedwa Oyster, amene umathiramo ndalama ngati mmene timathirira mayunitsi mufoni. Masiku anayi athunthu mwana akugunditsa khadi, likudula mtengo wa munthu wamkulu, ine osadziwa. Ndinkangoona kuti mapaundi akutha msanga, ndikawatembenuza m'makwacha mtima kumandiwawa usiku wonse. Anandiuza ndi mayi wina wa ku Zambia amene tinakumana naye pa siteshoni, ataona mwanayo akudutsa pa geti. Anandifunsa kuti, mwamuikitsira kuchotsera kwa alendo? Ine kukamwa yasa.

Dzina lake ndi Young Visitor discount, mulilembe penapake kuti mukalitchule mmene lilili. Ndi la ana a zaka 11 mpaka 15 obwera kudzacheza. Mumagula khadi la Oyster la mwanayo, kenako mumapita kwa wantchito wa pa siteshoni ya Tube, aja amaima pafupi ndi makina ogulitsira matikiti atavala yunifomu, n'kumupempha kuti aike kuchotserako pa khadilo. Amangodina pa makina omwewo, mphindi zochepa zatheka, ndipo kuikako salipiritsa. Kuchokera pamenepo mwana amalipira theka la mtengo wa wamkulu, pa basi ndi pa sitima pomwe. Koma mwanayo akhalepo, amuone ndi maso. Musatume achimwene okha pochokera kuntchito, akawabweza.

Ndipo kunena zoona, achimwene angawo musawadalire kwambiri pa nkhaniyi. Iwo amangogunditsa foni kapena khadi la kubanki n'kumapita, za ana sanayendepo nazo. Khadi la kubanki silidziwa mwana, limadula mtengo wa wamkulu basi. Komanso khadi limodzi silidutsitsa anthu awiri olipira, aliyense akhale ndi lake. Iwo azikakhala kuntchito tsiku lonse, amene muzikayenda ndi anawa ndinu, n'chifukwa chake ndikufuna muzidziwe nokha musananyamuke.

Mukatera pa bwalo la ndege la Heathrow pali siteshoni ya Tube pomwepo, njanji yake ndi Piccadilly. Mukachitiretu pomwepo tsiku lofikalo, ngakhale mutatopa bwanji, ulendo woyamba womwewo mwana alipire theka.

China chimene ambiri amaiwala, kuchotserako kumakhala masiku 14 okha. Inu mwati mukakhala milungu itatu. Ndiye masikuwo akakwana khadi limabwerera mwakachetechete pa mtengo wa wamkulu, silikuchenjezani. Muwerenge masiku, muike chikumbutso mufoni, akatha mubwererenso kwa wantchito pamodzi ndi mwanayo akaikenso.

Pa basi ndalama ya m'manja salandira, anasiya mu 2014, ndiye musakwere ndi chiyembekezo choti mupatsa dalaivala. Mumagunditsa khadi pa kachinthu kachikasu kozungulira polowa pokha, potsika ayi. Ine ndili kumeneko wamkulu ankalipira £1.75, ndipo ukatsika n'kukwera basi ina ola lisanathe sakudulanso. Pa sitima ndi kawiri, polowa ndi potuluka. Mumuuze msungwanayo asamangotsatira anthu geti likakhala lotsegula, akapanda kugunditsa potuluka amamudula ndalama yambiri kuposa ya ulendo wake.

Zija mumanena zokaona azakhali ku Leicester, imeneyo ndi sitima ina, ya mitunda italiitali, Oyster sigwira ntchito kumeneko. Ulere umathera pa ana osafika zaka 5, ndiye mzime yekha ndi amene salipira. Enawo awiri mukawagulire matikiti a ana, amakhala theka.

Dikirani, kwabwera munthu pageti... Eya, ndi mnyamata wa makala, ndimulandire kaye. Loweruka ndikubwera kwanu kuwoloka mlatho, ndibweretsa makhadi athu awiri aja, ndinawasunga m'chikwama cha mapasipoti. Mukafunse pa siteshoni ngati mudakali ndalama. Limodzi likhale lanu, linalo la msungwana, mukangoikitsa kuchotserako. Apatseni moni ana.