Kuwerengera mtengo wokonzera nyumba yakale ku Zomba

Owerenga ena andilembera imelo kundiuza kuti apeza nyumba ku Zomba yomwe inamangidwa m'nthawi ya atsamunda, ndipo akufuna kuigula, kuikonza ndi kumaichititsa lendi. Funso lawo ndi lakuti angadziwe bwanji ndalama zimene ntchitoyo ingadye asanalipire mwini nyumbayo.

Yankho langa, akuluakulu, ndi lakuti musawerengere zimene maso akuona mukangolowa pakhomo, chifukwa penti, matailosi ndi magalasi osweka ndi zinthu zotchipa poyerekeza ndi zimene zabisika. Pemphani chilolezo kwa wogulitsayo kuti kalipentala akwere m'siling'i ndi tochi, abaye mitengo ya denga umodziumodzi ndi sikuludilaiva, popeza chiswe chimadya mkati n'kusiya kunja kukuoneka bwinobwino. Nyumba zambiri za m'nthawi imene Zomba inali likulu, boma lisanasamukire ku Lilongwe mu 1975, zinamangidwa ndi matabwa abwino, ndipo mukapeza mkungudza wa ku Mulanje, umene chiswe sichiukonda, muusunge ndithu, pakuti mtengowu ndi wotetezedwa ndipo simudzaupezanso pamsika. Ngati denga kapena siling'i ndi ya asibesitosi, kuichotsa ndi ntchito yapayokha yofuna anthu odziwa, chifukwa fumbi lake limawononga mapapo.

Pamene anthu ambiri amalowa m'madzi ndi pa makoma. Zomba imalandira mvula yambiri kuchokera kuphiri, ndipo makoma akale kawirikawiri anamangidwa ndi dothi kapena laimu pakati pa njerwa, zomwe zimalola chinyezi kutuluka. Mmisiri wofulumira amapaka pulasitala ya simenti pamwamba pake, khoma limaoneka lokongola chaka chimodzi, koma madzi otsekeredwa mkatiwo amayamba kufumbutsa njerwa, ndipo mumalipira kawiri ntchito imodzimodziyo. Muwerengere laimu, ngalande zochotsa madzi kuzungulira maziko, ndi mmisiri amene anagwirapo kale nyumba zoterezi, ngakhale atakhala wodula. Mawaya a magetsi ndi mapaipi achitsulo muwatenge ngati osinthiratu onse.

Zimenezi zikadziwika, lembani ntchito katswiri wowerengera zipangizo zomangira kuti alembe chilichonse padera, denga pakepake, makoma pakepake, ndipo makontilakitala atatu olembetsedwa ku bungwe la boma loyang'anira ntchito zomangamanga apereke mitengo yawo pa mndandanda womwewo. Pamwamba pa chiwerengero chimene mwapeza, ine ndimalangiza kusunga ndalama zapadera zokwana gawo limodzi mwa magawo atatu a chiwerengerocho, chifukwa khoma lakale limaulula matenda ake likagumulidwa. Kumbukiraninso kuti kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mitengo ya simenti ndi malata inakwera nthawi yomweyo, kotero mtengo umene mwapatsidwa lero musauyese kuti udikira mpaka chaka chamawa.

Musanasaine chilichonse, funsani ku dipatimenti yoona za zinthu zakale ngati nyumbayo ili pansi pa lamulo la Monuments and Relics Act, chifukwa ngati ndi yotetezedwa simungasinthe khonde kapena mawindo mmene mwafunira. Muonenso zaka zimene zatsala pa lizi ya malowo, kenako mugawe ndalama zonse, zogulira ndi zokonzera, ndi lendi imene nyumba zoyandikana nayo zikubweretsa pachaka, kuti muone zaka zimene mudzadikire ndalama zanu zisanabwerere.