Funsani Tikuyankheni: Mapiritsi a kaodzera, udzudzu wosamva mankhwala ndi likodzo la ana aang'ono

Makalata ambiri a mwezi uno achokera m'maboma a Nkhotakota ndi Salima, ndipo atatu amene ndasankha akukhudza kafukufuku wa mankhwala, a kuchipatala ndi a kumunda omwe. Monga mwa nthawi zonse, maina a olemba sitiwatchula.

FUNSO: A Mkonzi, ndine mphunzitsi wopuma ndipo ndimakhala kwa Mwansambo m'boma la Nkhotakota. Zaka zapitazo alamu anga anadwala kaodzera. Anayamba ndi kutentha thupi ndi litsipa, tonse tinkati ndi malungo, ndipo anamwa mankhwala a malungo kawiri matenda enieniwo asanadziwike. Atagonekedwa m'chipatala anawatenga madzi a pamsana, kenaka anayamba kuwabaya jakisoni wa mumtsempha amene iwo ankati amaotcha ngati moto. Anachira, koma mpaka lero akaukumbukira jakisoniyo amachita nthumanzi. Tsopano ndikumva kuti kwabwera mapiritsi. Kodi ndi zoona? Nanga n'chifukwa chiyani akatswiri sakupanga katemera wa matendawa monga anachitira ndi chikuku ndi poliyo?

YANKHO: Bambo, zimene mwamvazo n'zoona. Mapiritsiwo dzina lake ndi fexinidazole, ndipo kuyambira mu 2024 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO likulangiza kuti akhale mankhwala oyamba kupatsidwa kwa wodwala kaodzera wa mtundu wathu uno, malinga wodwalayo ali ndi zaka 6 kapena kuposa ndipo akulemera makilogalamu osachepera 20. Ndati mtundu wathu uno chifukwa kaodzera alipo wa mitundu iwiri. Wa ku Congo ndi mayiko a kumadzulo kwa Africa amadya munthu pang'onopang'ono kwa zaka, pamene wa kuno ku Nkhotakota, ku Rumphi, ku Kasungu ndi kuchigwa cha Luangwa ku Zambia amatha kupha m'masabata kapena miyezi yowerengeka. Kachilombo kake, kotchedwa Trypanosoma brucei rhodesiense, kamakhala m'magazi a nyama zakutchire ndi ng'ombe, ndipo kashembe ndiye amakatenga n'kukapatsira munthu pomuluma.

Jakisoni amene anazunza alamu anu ayenera kuti anali melarsoprol, mankhwala amene anayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1949 ndipo muli poizoni wotchedwa arsenic. Mwa odwala 100 olandira jakisoniyu, pakati pa 5 ndi 10 amavulala ubongo chifukwa cha mankhwala omwewo, ndipo pafupifupi theka la ovulalawo amamwalira. Madokotala ankazidziwa zimenezi, koma analibe china choti n'kugwira, popeza mankhwala enawo, suramin, amene anapangidwa ndi kampani ya Bayer cha m'ma 1920, amagwira ntchito pokhapokha kachilombo kasanalowe mu ubongo. Madzi a pamsana aja ankatengedwa pofuna kudziwa chimenechi, kuti kachilombo kafika mu ubongo kapena ayi. Ubwino wa mapiritsi atsopanowa ndi wakuti amagwira pa magawo onse awiri a matendawa, kotero odwala ambiri safunikiranso kubayidwa pamsana.

Mbiri ya mmene anapezekera ndiyo imandikhudza kwambiri. Fexinidazole si mankhwala opangidwa dzulo. Kampani ya ku Germany ya Hoechst inawapanga m'zaka za m'ma 1970, koma inawasiya osawapititsa patsogolo, ndipo anakhala oiwalika kwa zaka zoposa 20. Mu 2005 bungwe la DNDi, limene linakhazikitsidwa mu 2003 kuti lizifufuza mankhwala a matenda onyalanyazidwa, linayamba kufukula mankhwala akale oposa 700 a banja limodzi n'kumawayesa pa kachilombo ka kaodzera m'labotale, ndipo fexinidazole ndi amene anaonetsa mphamvu. Anayamba kuyesedwa pa odwala a mtundu wa ku Congo uja, ndipo bungwe lounika mankhwala la mayiko a ku Ulaya la EMA linawavomereza mu November 2018. Pa mtundu wathuwu kafukufuku anachitikira pachipatala cha boma cha Rumphi ndi pachipatala cha Lwala ku Uganda, pa odwala 45, ambiri mwa iwo Amalawi, ndipo pafupifupi onse anachira. Chivomerezo chinabwera mu December 2023. Ine ndimaona kuti anthu a ku Rumphi amene anavomera kulowa m'kafukufukuyu, akudwala matenda akupha, ayenera kukumbukiridwa limodzi ndi akatswiriwo. Ndimaonanso kuti zaka zimene mankhwalawa anakhala pashelefu zikutiuza poyera kuti matenda a anthu osauka sakopa makampani opanga mankhwala pokhapokha wina ataimirira n'kuwakankha.

Kagwiridwe kake ka ntchito n'kochititsa chidwi. Piritsi likalowa m'thupi silikhala poizoni nthawi yomweyo. Kachilombo ka kaodzera kali ndi chosungunulira chake cha m'kati, chimene akatswiri amachitcha nitroreductase, ndipo n'chimenechi chimene chimasandutsa mankhwalawo kukhala poizoni woononga kachilombo komweko. Thupi la munthu lilibe chosungunulira cha mtundu umenewo, n'chifukwa chake kachilombo kamafa munthu n'kutsala. Mapiritsiwa amamwedwa kamodzi pa tsiku kwa masiku 10, ndipo ayenera kumwedwa munthu atadya chakudya chokwanira, pakuti m'mimba mopanda kanthu salowa bwino m'magazi. Ena amachita nseru, kusanza, kupweteka mutu ndi kusowa tulo, ndiye chifukwa chake amaperekedwa moyang'aniridwa ndi achipatala. Ana osafika zaka 6 adakalandirabe mankhwala akale aja.

Za katemera, chovuta chili pa khungu la kachilomboko. Kamavala chikhoto cha mapuloteni chokuta thupi lake lonse, ndipo chitetezo cha m'thupi mwathu chimazindikira mdani poona chikhoto chimenechi. Koma kachilomboka kali ndi malangizo a chibadwa opangira zikhoto zosiyanasiyana zoposa 1,000, ndipo pamene chitetezo chaphunzira chikhoto chimodzi n'kupha tizilombo tambiri, tina towerengeka timakhala titavala kale china n'kuyambanso kuswana. Kumeneku ndiye kutentha thupi kobwera n'kupita kumene mabanja amakuona. Kachilombo ka chikuku sikasintha motero, ndipo katemera wa mtundu umodzi amakwanira. Pa kaodzera chitetezo chathu chagona pa misampha ya nsalu za buluu ndi zakuda imene imakopa ndi kupha kashembe, ndiponso pa kufulumira kupita kuchipatala. Munthu wokhala kufupi ndi nkhalango akamwa LA koma thupi osazizira, makamaka ngati ali ndi chotupa chopweteka pamene analumidwa ndi kashembe, awauze achipatala za kulumidwako ndi kupempha kuti magazi ake aonedwe pa makina oonera tizilombo, chifukwa kachipangizo koyezera malungo mwachangu kaja sikaonetsa kaodzera.

FUNSO: Ndine mlimi wa thonje ndi chimanga wa ku Khombedza, Salima. Kale udzudzu ukatera pa neti yatsopano unkagwa, koma masiku ano umatera n'kuuluka. Alangizi ena anatiuza kuti mankhwala amene timapopera m'munda ndiwo akulimbitsa udzudzu. Kodi munda ndi neti zikugwirizana pati? Ndifunsenso za ombwe amene anzanga amathira mbozi: kwa ena amagwira, kwa ena ayi. Vuto ndi kasakanizidwe kapena chiyani?

YANKHO: Alangiziwo sananame, bambo, ngakhale kuti mlandu wonse suli pa munda. Cypermethrin amene mumapopera thonje ndi ndiwo zamasamba ndi wa banja limodzi ndi permethrin ndi deltamethrin amene amaikidwa m'maneti. Onsewa anatulukira m'kafukufuku wa zaulimi wa ku Rothamsted ku England m'zaka za m'ma 1970, potengera poizoni wachilengedwe wa duwa la pyrethrum, ndipo onse amapha poumitsa mitsempha ya tizilombo. Udzudzu umaswana m'madzi a m'madambo ndi m'madimba momwe mankhwala a kumunda amatsikira, ndipo ukakula umakumananso ndi banja lomwelo pa neti. Umene uli wofooka umafa, wolimba n'kutsala kuti ubereke. Akatswiri apeza kuti udzudzu wa mtundu wa Anopheles funestus, umene uli pakati pa ofalitsa malungo kwambiri kuno kwathu, umapanga zosungunulira zambiri m'thupi mwake zimene zimaphwanya mankhwalawo asanafike pa mitsempha, ndipo malangizo a chibadwa ochititsa zimenezi anawapeza n'kuwatcha CYP6P9a ndi CYP6P9b. Kupopera mankhwala m'nyumba kutayamba ku Nkhotakota mu 2007 ankagwiritsa ntchito banja lomweli, koma patangopita zaka zochepa anasinthira ku Actellic, mankhwala a banja lina, chifukwa cha vutoli.

Njira ziwiri zapezeka. Yoyamba ndi maneti okhala ndi PBO, mankhwala amene paokha sapha koma amatseka zosungunulira za udzudzu zija kuti poizoni agwire. Yachiwiri ndi maneti okhala ndi chlorfenapyr, mankhwala amene poyamba anali opopera mbewu, ndipo anapangidwa potengera poizoni wopezeka m'tizilombo ta m'dothi. Mankhwalawa amafanana ndi mapiritsi a kaodzera aja pa mfundo imodzi: akalowa m'thupi mwa udzudzu, zosungunulira za udzudzu womwewo n'zimene zimawasandutsa poizoni, ndipo poizoniyo amatseka magwero a mphamvu m'maselo ake. Udzudzu sugwa pomwepo, umafa pakapita tsiku limodzi mpaka masiku atatu, choncho kuona udzudzu ukuuluka pa neti ya mtundu umenewu sikutanthauza kuti netiyo yalephera. M'kafukufuku wa ku Tanzania ndi ku Benin maneti amenewa anachepetsa malungo mwa ana ndi pafupifupi theka poyerekeza ndi maneti akale, ndipo WHO inawavomereza mu March 2023. Neti iliyonse yosang'ambika imatchingabe udzudzu, choncho musaleke kugonamo. Kumundako, sinthanitsani mabanja a mankhwala monga alangizi akuuzirani, tsatani muyezo wolembedwa pabotolo, ndipo musatsukire mpope m'dambo kapena mumtsinje. Musayesenso kunyika neti kapena kupopera m'chipinda chogona mankhwala a kumunda kapena a m'nkhokwe, ngakhale dzina litafanana, popeza kapangidwe ndi mphamvu zake n'zosiyana.

Za ombwe, vuto nthawi zina silikhala lanu. Akatswiri amene anaunika masamba a ombwe otengedwa m'minda ya m'Malawi muno anapeza kuti mbewuyi ilipo ya mitundu iwiri yooneka mofanana kwambiri, koma umodzi wokha ndi umene uli ndi poizoni wopha tizilombo, monga deguelin, pamene winawo ulibe. Mlimi amene anabzala mtundu wachiwiriwo angasinje masamba ochuluka bwanji, mbozi sizifa. Tengani mbewu kwa mnzanu amene ombwe wake waonetsa kale kuti amagwira, ndipo madzi ake asafike kunyanja kapena kumtsinje chifukwa poizoni yemweyo amapha nsomba.

FUNSO: Ndine mayi wa ku Chipoka. Mwana wanga wa zaka 3 wayamba kukodza magazi. Mankhwala a likodzo amagawidwa kusukulu kwa ana okulirapo, ndipo anthu akuti wamng'ono chonchi sangamwe. Ndidikire mpaka ayambe sukulu?

YANKHO: Musadikire, mayi, pitani naye kuchipatala sabata ino kuti mkodzo wake ukayezedwe. Malangizo a WHO a mu 2022 amalola kuti ana alandire mankhwala a likodzo, praziquantel, kuyambira zaka 2, ndipo achipatala amayeza kulemera kwa mwana, n'kuphwanya piritsi mogwirizana ndi muyezowo. Chimene chinkachititsa kuti ana aang'ono azisiyidwa ndi kukula kwa piritsilo, lomwe ndi la mamiligalamu 600, ndi kuwawa kwake. Mankhwalawa ali ndi zigawo ziwiri zofanana monga dzanja lamanja ndi lamanzere, ndipo chimodzi chokha n'chimene chimapha nyongolotsi zoyambitsa likodzo, pamene chinacho chimangoonjezera kuwawa. Akatswiri anapatula chigawo chogwira ntchitocho n'kupanga kapiritsi kakang'ono kosungunuka m'kamwa kapena m'madzi, kotchedwa arpraziquantel, ka ana a miyezi 3 mpaka zaka 6. Bungwe la EMA linakavomereza mu December 2023, ndipo ana oyamba kukalandira kunja kwa kafukufuku woyesera anali a ku Uganda mu 2025.

Praziquantel wakhala akuchiza anthu kuyambira m'zaka za m'ma 1970, koma malo enieni amene amagwira pa nyongolotsi anadziwika mu 2019, pamene akatswiri a ku America anapeza kakhomo kena pa maselo a nyongolotsi kamene mankhwalawa amakatsegula, mchere wa calcium n'kukhamukira m'kati, nyongolotsiyo n'kuuma. Kudziwa kakhomoka kwatsegula njira yofufuzira mankhwala ena ogwira pamalo omwewo. Chofooka chimene chilipobe n'chakuti praziquantel sapha bwino nyongolotsi zimene zisanakhwime, ndiponso sateteza mwana kuti asatengenso matendawa. Achipatala akakuuzani kuti mubwerenso kudzayezetsa, mupite, ndipo mwanayo azimwa mankhwalawo atadya. Pomusambitsa gwiritsani ntchito madzi a pamjigo, kapena a m'nyanja amene mwawiritsa kapena mwawasunga m'ndowa kwa masiku awiri, chifukwa tizilombo ta likodzo totuluka m'nkhono sitikhala ndi moyo kupitirira pamenepo.