Kwa achemwali amene afunsa za bondo la mayi awo lowasowetsa tulo

Achemwali, pepani ndi matenda. Mwalemba kuti mayi anu a zaka 64 anawauza kuchipatala kuti ali ndi nyamakazi ya m'bondo, masana amalimbako mpaka kukafika kumsika, koma kukangoda bondo limayamba kulasa moti amachezera kutembenuka. Mwati panopa akumwa Brufen ndi Indocid pamodzi usiku uliwonse, ndipo mukufuna kudziwa ngati alipo mankhwala amphamvu kuposa amenewa. Ine si dokotala, koma ndimasamalira bambo anga odwala matenda omwewa, ndiye ndikuuzani zimene a mafizo, akatswiri a kuchipatala othandiza odwala ndi masewera olimbitsa thupi, anatiphunzitsa ndi zimene ndaona ndi maso.

Ndiyambe ndi mapiritsiwo chifukwa ndi amene andidetsa nkhawa kuposa bondolo. Brufen, Indocid, diclofenac ndi aspirin ndi a banja limodzi. Kumwa awiri nthawi imodzi sikuwonjezera mpumulo kwenikweni, chimene chimawonjezereka ndi ngozi: zilonda za m'mimba, kutaya magazi m'kati, kukwera kwa BP ndi kuwonongeka kwa impso. Munthu wa msinkhu wa mayi anu ali pangozi yaikulu kuposa mnyamata. Ngati ali ndi BP, shuga, vuto la mtima kapena anadwalapo zilonda za m'mimba, kapenanso akumwa ma ARV amene ali ndi tenofovir, amene nawonso amafuna impso zoyang'aniridwa, asapitirize mankhwala amenewa asanaonane ndi achipatala. Onjezani kutentha kwa kuno kwathu mu Okutobala ndi Novembala, thukuta tsiku lonse madzi osamwa okwanira, impso zimavutika kawiri. Kuphatikizako asiye lero lomwe. Akapatsidwa amodzi mwa iwo, azimwa atadya, osati m'mimba muli gwa, ndipo ngati amasala nawo mwezi wa Ramadan afunse nthawi yabwino yomwera. Mukaona chimbudzi chakuda bii, kusanza magazi kapena mapazi kutupa, musadikire kuti kuche.

Chimene ndingakulimbikitseni kugula ku famase ndi diclofenac wopaka. Bondo lili pafupi ndi khungu, choncho mankhwala opaka amafika pamene pakuwawapo pomwe olowa m'magazi amakhala ochepa kwambiri poyerekeza ndi a piritsi. Pakani kutsogolo ndi m'mbali zonse ziwiri, osati pachilonda, kenako sambani m'manja. Akatha kupaka asaikepo chotentha. Panado ndi wofatsa m'mimba, ngakhale ndinene zoona kuti pa nyamakazi ena amawathandiza pang'ono chabe. Wamkulu amamwa awiri a 500mg nthawi imodzi, pakati pazidutsa maola osachepera anayi, ndipo asapitirire asanu ndi atatu pa maola 24. Ngati mayi ndi ochepa thupi, osafika makilogalamu 50, kapena ali ndi vuto la chiwindi, mlingo umatsika. Kumbukirani kuti mankhwala ambiri a chimfine ndi mutu ali kale ndi paracetamol m'kati, ena alinso ndi kafeini wothamangitsa tulo. Nthawi yomwera nayonso ndi nkhani: amwe kutatsala mphindi 30 kapena ola kuti akagone, osati kudikira kuti ululu uwadzutse pakati pa usiku.

Pali timapiritsi tina timene ogulitsa m'misika amapereka mobisa kwa odwala nyamakazi, prednisolone kapena dexamethasone. Masiku oyamba munthu amamva ngati wachira. Pakapita miyezi nkhope imatupa, shuga ndi BP zimakwera, mafupa amafooka. Ngati mayi akhala akumwa timeneti kwa nthawi, asasiye mwadzidzidzi, apite nato kuchipatala akawauze kasiyidwe kake. Tramadol nayenso musamuthamangire, amazunguza mutu, agogo nkugwa usiku, ndipo thupi limamuzolowera.

Tsono za usikuwo. Mukamadya nyama ya nkhuku mumaona kumapeto kwa fupa kuli chichereweche choyera chosalala. M'bondo la munthu chiliponso, ndipo pa nyamakazi ya mtundu uwu chimakhala chaperepeseka. Bondo likagwira ntchito tsiku lonse limatupa m'kati, ndiye madzulo ndi pamene limadandaula. Munthu akagona osasuntha limauma, komanso usiku kulibe chocheza nacho, maganizo onse amapita pa ululuwo. Kusagona nakonso kumachititsa kuti mawa lake ululu umveke kwambiri. N'chifukwa chake ine ndimaona kuti usiku wabwino umakonzedwa dzuwa lisanalowe, osati ndi piritsi lachitatu pa 2 koloko m'mawa.

Kwathu timachita chonchi. Akatha kudya, bambo amakhala pampando, ine ndimagwira bondo lodwalalo ndi kuseri kwa dzanja, kenako ndimagwira linzake. Likakhala lotentha ndi lotupa kuposa linzake, monga zimakhalira tsiku limene ayenda kwambiri, timaika chozizira. Mafirizesi awiri kapena ayezi wa kwa ogulitsa nsomba, wokulunga m'chitenje chonyowa, kwa mphindi 15, mwendo uli pamwamba pa mpando wina. Likakhala longouma ndi kuwawa popanda kutupa, makamaka mu Juni ndi Julayi mwera ukamawomba, timaika chofunda: thaulo lonyika m'madzi ofunda nkufinya, kapena botolo la madzi ofunda lokulunga bwino, kwa mphindi 15 kapena 20. Yesani kaye pamkono panu. Odwala shuga ena samva kutentha bwinobwino m'miyendo ndipo amapsa osadziwa. Asagone nalo botololo, ndipo mbaula ya makala isalowe kuchipinda kuti iwothe bondo, mpweya wake umapha anthu m'tulo. Zikatha izi amapinda ndi kuwongola bondo pang'onopang'ono kakhumi ali pabedi, chidendene chikukhwekhwereza pa nsalu, nkugona.

Kagonedwe kamasintha zinthu kuposa mmene anthu amaganizira. Akagona chammbali, bondo lodwala likhale pamwamba, ndipo pakati pa maondo pakhale pilo wolimba wofika mpaka mu akakolo, kuti mafupa asakhudzane ndiponso mwendo usalendewere kutsogolo nkupotoza bondo. Ngati pilo palibe, bulangete lopinda kanayi limagwira ntchito. Akagona chagada, aike kanthu kochepa pansi pa miyendo, koma asaunjike mapilo kunsi kwa bondo usiku ndi usiku. Zimakoma ndithu, koma bondo lozolowera kugona lopindika limayamba kukana kuwongoka, kenako munthu amayenda motsimphina. Simunanene ngati mayi amagona pabedi kapena pamphasa. Ngati ndi pansi, ndalama imene mukanagulira mankhwala a m'mabotolo okwera mtengo aja, amene amati amameretsa chichereweche chatsopano, mukapatse kalipentala akhome bedi lofika m'maondo. Palibe chakumwa chimene chimabwezeretsa chimene chatha, pamene kudzuka pansi kawiri katatu usiku kumapweteka bondo tsiku ndi tsiku. Pafupi ndi bedi pakhale tochi, ndodo ndi chidebe chokhala ndi chivundikiro, kuti asamayende mumdima kupita kuchimbudzi chakunja. Ululu ukawadzutsa asangogona nkumapirira, akhale tsonga, awongole ndi kupinda mwendo kangapo, ayende masitepe ochepa m'chipindamo, abwerere mu neti. Tiyi wamasamba wa madzulo asiye.

Chimene chimathandiza kwa nthawi yaitali, ngakhale ambiri sachikhulupirira chifukwa n'chaulere, ndi kulimbitsa minofu ya kutsogolo kwa ntchafu. Ana ambiri timalakwitsa powauza makolo kuti angokhala. Minofu ikafota, katundu yense amagwera pa mfundo yodwalayo. Agone chagada, mwendo wabwino aupinde, wodwalawo auwongole, aumitse ntchafu nkuukweza pang'ono, awerenge mpaka zisanu, autsitse. Kakhumi, m'mawa ndi masana. China ndi kudzuka pampando nkukhalanso pang'onopang'ono, poyamba atagwirira, pambuyo pake osagwira. Masabata oyamba kuwawa kumatha kuwonjezekako pang'ono, zisawagwetse ulesi, phindu limaoneka pakapita mwezi umodzi kapena iwiri. Ngati bondo latupa kwambiri mpaka mawa lake, achepetse chiwerengero, asasiyiretu.

Ngati mayi ali ndi thupi, kutsikako kumathandiza, pakuti kilogalamu imodzi ikachoka, bondo limapepukidwa pafupifupi makilogalamu anayi pa sitepe iliyonse. Nkhani imeneyi ilankhuleni mwaulemu, chepetsani shuga wa mu tiyi ndi zokazinga kwa banja lonse osati kwa iwo okha. Ndodo agwire kudzanja la mbali imene ilibe vuto, ambiri amagwira mbali yolakwika. Beseni la usipa kapena ndowa ya madzi pamutu asiyire adzukulu, ulendo wautali akwere kabaza, koma kuyenda pang'ono pamalo osalala tsiku lililonse asasiye. Kunyonyomala pachimbudzi chokumba ndi chimodzi mwa zinthu zimene zimazunza bondo lotere, kalipentala yemweyo aboole mpando wathabwa muziika pamwamba pa dzenje. Ngati ndi Asilamu ndipo kugwada pa swala kukuwavuta, akambirane ndi ashehe, chipembedzo chimalola wodwala kuswali atakhala pampando. Kutchalitchi nakonso palibe amene angawakakamize kugwada.

Ena amanena zoti odwala bondo azikayenda m'madzi a m'nyanja. Nzeruyo ndi yoona, madzi amanyamula thupi bondo nkupuma. Koma kuno tikudziwa tonse kuti madooko ambiri, makamaka a bango ndi madzi odekha, ali ndi likodzo, ndipo mu Shire ndi ku Malombe kuli ng'ona ndi mvuu. Ine sindingatumizeko mayi anga. Za kutema mphini pabondo ndikukanirani poyera: lumo likalowetsa tizilombo pafupi ndi mfundo, vuto lake limaposa nyamakaziyo.

Palinso kuwawa kwa usiku kumene si kwa nyamakazi wamba. Bondo likatupa mwadzidzidzi, lotentha kwambiri, munthu akukanika kulipondera, thupinso latentha, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, mukhoza kukhala mafinya m'kati ndipo amawononga mfundo m'masiku ochepa. Katumba akatupa mbali imodzi nkumawawa, angakhale magazi oundana mumtsempha, musamusisite. Kuwawa kosalekeza kophatikizana ndi kuwonda, kutuluka thukuta usiku kapena kutsokomola kumafunika kuyezedwa, TB imagwiranso mafupa. Ndipo ngati m'mawa amauma thupi kupitirira ola, zala za manja onse awiri zikutupanso, umenewo ungakhale mtundu wina wa nyamakazi umene uli ndi mankhwala akeake.

Ngakhale zizindikiro zimenezi palibe, munthu amene sakugona kwa masabata ayenera kuonedwanso. Pitani nawo kuchipatala cha boma cha Mangochi, kapena yambirani chimene muli nacho pafupi, kaya ku Monkey Bay, ku Malindi kapena ku Namwera, akulembereni kalata. Mukafika pemphani kuonana ndi clinical officer wa za mafupa, ndipo funsani ngati angakutumizeni kwa a mafizo kuti akaone mmene mayi akuchitira masewera olimbitsa ntchafu aja. Ilipo jakisoni yobaya m'bondo momwemo imene imapatsa mpumulo wa masabata angapo, koma si yobwereza pafupipafupi, ndipo kwa odwala shuga imakweza shuga kwa masiku angapo. Zikavuta kwambiri amatumiza ku Zomba Central kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Popita mutenge buku lawo la kuchipatala ndi mapepala a mankhwala onse amene akumwa, ogula pagolosale ndi azitsamba omwe, ndipo mupemphe kuti awayeze BP, shuga ndi impso asanawalembere mankhwala ena.