Marimu a chitsulo kapena ma aloyi?

Achimwene, mwafunsa ngati kuli bwino kuchotsa marimu a chitsulo a mainchesi 15 amene anabwera ndi galimoto yanu n'kuika ma aloyi a 17, poti anzanu akuti ma aloyi ndi olimba. Ine ndikuti musapupulume.

Ma aloyi amapangidwa ndi aluminiyamu, amene ndi wopepuka pafupifupi katatu kuposa chitsulo, n'zoona. Koma kuti asenze galimoto amamuumba mokhuthala, ndiye kupepukako kumachepa. Rimu ya aloyi ya 17 itha kulemera kuposa yachitsulo ya 15 imene mukufuna kutayayo, ndipo gudumu likalemera mashoko ndiwo amatopa polibweza pansi likadumpha. Pamene aloyi amapambana mosakayikitsa ndi pa kutentha. Aluminiyamu amakoka moto wa mabuleki msanga, mphepo n'kumadutsa m'mipata ya masipoko. Dzimbiri lofiira lija sachitanso.

Nkhani yaikulu kwa ine ndi ya mmene rimu imafera. Yachitsulo ikagunda dzenje imapindika mkombero. Makaniko amavula tayala, kuimenya ndi hamala, kubalansa, ulendo n'kupitirira. Ma aloyi ambiri amapangidwa posungunula aluminiyamu wosakaniza ndi silikoni pafupifupi 7 peresenti n'kuthira m'chikombole, ndipo zoumba chonchi zikamenyedwa kwambiri zimang'aluka. Zinandichitikira ine. Tayala lakutsogolo linkapezeka litaphwa m'mawa uliwonse, msomali osaoneka. Titathira madzi a sopo kuseri kwa rimu, thovu linayamba kutuluka pa kamng'alu kopyapyala ngati tsitsi. Anthu amawotcherera, koma moto wowotchererawo umafewetsa aluminiyamu wa m'mbali mwake. Mng'alu ukakhala pa sipoko kapena pafupi ndi mabowo a manati, chonde rimuyo itayeni, mumanyamula ana m'galimotomo.

Aliponso ma aloyi otchedwa forged, amene amawapanga popanikiza chibuma cha aluminiyamu ndi makina amphamvu kwambiri. Amenewo ndiye opepuka ndi olimbadi, ndipo amayamba kupindika asanathyoke. Mtengo wake ndi wowawa, komanso achinyengo olembedwa dzinalo ndi ambiri.

Ena mu gulu muno atchula "ma mag". Dzinali linachokera ku magineziyamu, amene ndi wopepuka kuposa aluminiyamu, n'chifukwa chake galimoto za Formula 1 zimayendera marimu ake. Amadyeka msanga ndi chinyontho ndi mchere, ndipo akagwira moto madzi sauzimitsa. Zimene timazitcha ma mag masiku ano pafupifupi zonse ndi aluminiyamu. Za carbon fibre (ulusi wa kaboni wopepuka koma wolimba), ngati zimene Ford inaika pa galimoto yake ya Shelby GT350R mu 2015, tisatayepo nthawi: zikasweka sizikonzeka ndi hamala.

Chimene chikundidetsa nkhawa pa funso lanu ndi 17 ameneyo. Rimu ikakula, tayala limakhala lalifupi m'mbali, mphira wolandira dzenje n'kuchepa, nkhonya yonse n'kupita pa rimu. Ngati mumayenda misewu yokumbika kapena mumanyamula katundu, khalani ndi zachitsulo zanuzo, mungozipala n'kuzipenta. Ngati mtima wakakamira pa aloyi, tengani a 15 omwewo kapena 16. Muyeze kuti mabowo a manati ndi bowo lapakati zikugwirizana ndi galimoto yanu, muyang'ane chidindo ngati JWL (cha ku Japan, chosonyeza kuti rimuyo ikukwaniritsa muyezo wa chitetezo) pa rimupo, ndipo mufunse ngati manati anu akale akhala bwino, chifukwa ma aloyi ena amafuna manati awoawo.