Wu Song wopha kambuku ndi zibakera uja, ndi ngwazi kapena chigawenga?

Achimwene ena anditumizira imelo, akuti anaonera kavidiyo kachitchaina komwe munthu woledzera akulikita kambuku ndi manja okhaokha, ndiye akufunsa ngati munthuyu anakhalakodi, komanso ngati ili nkhani yoti angamawasimbire ana awo madzulo ngati ya ngwazi.

Achimwene, ameneyo ndi Wu Song, wa m'buku lakalekale la Shuihu Zhuan, pachingerezi amati Water Margin, lomwe ambiri amati analemba Shi Nai'an cha m'zaka za m'ma 1300. Limakamba za anthu 108 othawa boma amene anakamanga msasa kumadambo a Liangshan m'chigawo cha Shandong. Mtsogoleri wawo Song Jiang anakhalakodi, mbiri ya ufumu wa Song imati anavutitsa boma ndi anzake 36 mpaka anagonja cha mu 1121. Koma za kambukuzo ndi nthano basi.

Ndipo ndi nthano yokoma. Wu Song akupita kukaona achimwene ake, waima pakamalo komwera mowa pafupi ndi phiri la Jingyang pomwe analemba kuti ukamwa mbale zitatu usayerekeze kuwoloka phirilo. Iye anamwa 18. Atamuuza za kambuku anayesa kuti mwini malo akungofuna agone pompo, ndiye atafika kuphiri n'kuona chidziwitso cha boma kuti ndi zoona, anachita manyazi kubwerera. Chilombo chitatulukira anakweza ndodo yake, ndodo n'kugunda nthambi ya mtengo n'kuthyoka pakati, basi anangochigwira pakhosi n'kuchikanikizira m'dothi, mateche ndi zibakera mpaka chinafa. Mawa lake anthu a m'dera limenelo la Yanggu anamunyamula ngati mfumu ndipo anamupatsa ntchito ya mkulu wa apolisi.

Apa mpomwe anthu ambiri amalekezera, pomwe nkhani yeniyeni ikuyamba kumene. Achimwene ake, Wu Dalang, anali kamunthu kakafupi kosalakwira munthu, kogulitsa timikate mumsewu. Mkazi wawo Pan Jinlian anayamba chibwenzi ndi mpondamatiki wina Ximen Qing, mothandizidwa ndi gogo Wang wogulitsa tiyi moyandikana nawo, ndipo Wu Song atachoka pa ulendo wa ntchito anawamwetsa poizoni achimwene akewo n'kutentha mtembo msangamsanga. Chomwe ine chimandigwira mtima n'chakuti atabwerako sanathamangire mpeni ayi. Anafufuza, anapeza bambo wosamala mitembo amene anabisa mafupa akuda chifukwa cha poizoni pamodzi ndi siliva yemwe anamupatsa kuti atseke pakamwa, anapezanso kamnyamata kogulitsa mapeyala komwe kanaona zonse, n'kukatula nkhani kwa majisitireti. Majisitireti anali atadya kale za Ximen Qing, nkhani inakanidwa. Ndiye Wu Song anaitana aneba onse ngati kuphwando, n'kutseka zitseko, wina akulemba mawu onse amene alamu akewo ankaulula, kenako anawapha, n'kukamupeza Ximen Qing akumwa panyumba yosanja, kumuponya pawindo, n'kumaliza naye mumsewu. Atatero anakadzipereka yekha kuboma. Anamudinda chizindikiro kumaso n'kumutumiza kundende ya ku Mengzhou.

Mpaka apa ine ndimamuikira kumbuyo ndithu. Koma ku Mengzhou kuja ndiye zimandivuta. Anamenya chimunthu china Jiang Menshen pofuna kubwezera mnzake Shi En malo ake a bizinesi, ndiye anzake a Jiang anamutchera msampha, mkulu wa asilikali Zhang anamutenga kunyumba kwake, kumudyetsa bwino, mpaka kumulonjeza mtsikana wantchito Yulan, kenako kumunamizira kuba ndi kutuma anthu akamuphe panjira. Anapulumuka, n'kubwerera usiku womwewo. Kuti aphe Zhang ndi Jiang palibe angadabwe, koma anaphanso wosamala mahatchi, atsikana awiri a kukhitchini, mkazi wa Zhang, Yulan yemwe, ndi ana omwe, anthu 15 nyumba imodzi, mpaka lupanga linabuntha n'kutola lina. Pakhoma analemba ndi magazi kuti wapha ndi Wu Song wopha kambuku. Atsikana a kukhitchini aja analakwanji? Bukulo limangodutsa ngati palibe chachitika, ndipo izo zimandiwawa kuposa magaziwo.

Zitatero anavala ngati mmonke wachibuda woyendayenda, tsitsi litaphimba chidindo chija, n'kumaliza ali wa nambala 14 pagulu la Liangshan. Song Jiang atayamba kulakalaka kuti mfumu iwakhululukire, Wu Song anali m'modzi mwa amene anakana poyera, ngakhale anatsatirabe gulu. Pankhondo yomenyera boma lomwelo, yolimbana ndi wopandukira boma wina dzina lake Fang La, anaduka mkono wamanzere, ndipo anakana kubwerera kulikulu kukalandira ulemu, anatsala kukachisi wa Liuhe ku Hangzhou mpaka anamwalira ali ndi zaka 80.

Ndiye za anazo, asimbireni ya kambuku, adzaseka ndi ndodo yothyoka ija. Za Pan Jinlian ndi za ku Mengzhou dikirani kaye afike ku sekondale, ndipo inuyo muyambe mwawerenga nokha, lomasulira Sidney Shapiro lotchedwa Outlaws of the Marsh silivuta kumva.